Ana a Sukulu ya Mishoni ku Mandimba ndi ku Massangulo

Ansembe a chipani cha Consolata, Bambo Pietro Calandri ndi Bambo Giuseppe Amiotti, anafika ku Mandimba m'chaka cha 1926, dziko lino la Niassa likadali m'manja mwa Companhia do Niassa, kampani imene inkadziwa bwino kukhometsa msonkho ndi kugwira anthu a thangata, koma za kuphunzitsa ana siinkasamala konse. Ulamuliro wa kampaniyo unatha mu 1929. Pamenepo nkuti ansembe aja atasamuka kale, pakuti mu 1928 anakwera ku mapiri a Ngauma nakakhazika mishoni ya Massangulo pakati pa Ayao. Ana oyamba amene anawasonkhanitsa anali amasiye ndi ana a makaladi amene atate awo achizungu anawasiya opanda wowalera, ndipo sukulu imene tifuna kuikumbukira pa masamba ano inayambira pa ana amenewa, osowa kwawo.

Tisaganize kuti zilembo zinali zachilendo m'dera lino. Ana a Chisilamu ankakhala kale pamphasa kwa mwalimu, kuloweza Kurani ndi kuphunzira zilembo za Chiarabu, ndipo akuluakulu ena ankalemberana nazo makalata. Kunyanja, ku Likoma ndi ku Messumba, amishoni a Anglikani anali ataphunzitsa kale mibadwo ya ana kuwerenga m'Chinyanja. Ngakhale Abambo Oyera, pamene anakhala kwa Mponda tsidya la malire kuyambira 1889 mpaka 1891, anali ndi kasukulu kawo. Chachilendo chimene sukulu yathu inadza nacho chinali Chipwitikizi, ndipo mbiri yonse ya kupambana ndi kugwa kwa ana athu yamangika pa chinenero chimenechi.

Lamulo la 1930 linagawa maphunziro pawiri. Ana a Azungu ndi a anthu amene boma linkawayesa otsungula ankalowa sukulu ya pulayimale yeniyeni. Ana a eni dziko ankayamba ndi imene inkatchedwa ensino rudimentar, ndiye kuti maphunziro a poyambira chabe, amene mu 1956 anasinthidwa dzina nakhala ensino de adaptação. Pangano la boma la Portugal ndi Papa la 1940, pamodzi ndi lamulo la mamishoni la 1941, linapereka sukulu za eni dziko zimenezi m'manja mwa Eklezia Katolika. Panganolo linanena poyera kuti m'sukulu muziphunzitsidwa Chipwitikizi, ndi kuti chinenero cha anthu chiloledwe pophunzitsa za chipembedzo. Kotero mwana wa zaka 8 ankakhala ndi malilime awiri tsiku limodzi: katekisimu ndi mapemphero ankazimva m'chinenero cha mayi wake, koma kuwerenga, kulemba ndi masamu zinkamdzera m'mawu amene sanawamvepo chibadwire.

Tsiku la sukulu linkayamba ndi kulira kwa chitsulo chopachikidwa pamtengo. Ana ankatuluka m'midzi kukadali mame, ena atatenga chinangwa chootcha kapena chimanga chokazinga m'kansalu, ndipo m'miyezi ya June ndi July, pamene kuzizira kwa ku mapiri kumalowa m'mafupa, ambiri ankafika akunjenjemera, atafunda kansalu kamodzi. Ankayamba ndi kusesa bwalo, kenaka kundanda, kupemphera ndi kulowa. M'sukulu za kumidzi kulowa kwake kunali kukhala pa zipika pansi pa denga la udzu, ndipo mphunzitsi mmodzi, amene kawirikawiri anali yemweyo katekisiti wa mudziwo, ankasunga magulu awiri kapena atatu nthawi imodzi. Aang'ono ankalemba ndi chala pamchenga, a, e, i, o, u, mphunzitsi akuyendera ndi kufafaniza ndi phazi pamene palakwika. Wokhoza ankalandira sileti ndi cholembera chake chamwala, ndipo tsiku limenelo linali lalikulu kwa mwana, pakuti sileti ankalinyamula poyera kuti mudzi wonse uone. Kope ndi inki zinkadza pambuyo pake, kwa okhawo amene apitirira.

Masamu ndiwo ankakomera ana ambiri, chifukwa nambala ilibe mtundu. Mwana aliyense ankadza ndi mtolo wa timitengo kapena nthanga za chimanga, ndipo amene anazolowera kusewera bawo ndi agogo ake sankavutika kuphatikiza ndi kuchotsera. Tabuada, ndiwo mndandanda wa kuchulukitsa, ankauimba onse pamodzi mokweza, kotero kuti amayi opita kudambo ankauloweza osalowa m'kalasi. Chovuta chinali ditado. Mphunzitsi ankawerenga ndime pang'onopang'ono, ana nkumalemba zimene akumva, ndipo cholakwa chilichonse chinkawerengedwa. Khutu la Mnyanja kapena la Myao silisiyanitsa r ndi l monga lichitira la Mpwitikizi; tsono mwana wanzeru ndithu ankatha kulakwa kakhumi m'mizere isanu, osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa lilime lake linaumbidwa kwina. Malipiro a zolakwazo anali mbalamatodya, kathabwa kozungulira ka mabowo kaja, kamene akuluakulu athu akakatchula mpaka lero amayamba ayang'ana m'manja mwawo. Ena amati kanawathandiza. Ine ndiona kuti kanathamangitsa ana ochuluka koposa amene kanawaphunzitsa.

Za mbiri ndi za maiko, ana a m'mbali mwa Lugenda ankaloweza mitsinje ya Minho, Douro, Mondego ndi Tejo, ndi mafumu a ku Portugal kuyambira Afonso Henriques, ndi ulendo wa Vasco da Gama. Za Mataka, za Makanjira, za njira ya minyanga ya njovu yopita ku Kilwa ndi ku Quelimane, buku linali chete, ndipo mwana ankazimva madzulo pamoto ngati anali ndi agogo okonda kusimba.

Masana inali nthawi ya khasu. Sukulu iliyonse inali ndi munda wake, ndipo ana ankalima, kupalira, kutunga madzi ndi kutola nkhuni. Pano tiyenera kunena zoona zonse ziwiri. Thandizo la boma linali lochepa, ndipo popanda minda imeneyi ana ogonera pamishoni sakadadya. Komanso makolo ambiri ankadandaula kuti mwana akutha nthawi yambiri kumunda kuposa pa sileti, pamene iwo eni anali pa chikakamizo cha kulima thonje, chimene chinasautsa anthu kuyambira 1938 mpaka 1961, makamaka ku chigwa cha Cuamba. Kholo lofuna manja a mwana wake pa munda wa thonje silinkaona chifukwa chomperekera ku munda wa sukulu.

Koma ku Massangulo ntchito ya manja inakula nikhala sukulu ya luso, ndipo pamenepa mpamene mishoni imeneyi inatchukira m'Niassa monse. Anyamata ankaphunzira ukalipentala, kuumba ndi kuotcha njerwa, kumanga, kusoka nsapato ndi zovala; atsikana, m'manja mwa asisiteri a Consolata, ankaphunzira kusoka, kuluka, kusamala odwala ndi makanda. Mnyamata woyamba ankapatsidwa thabwa lokhota kuti alipale mpaka liwongoke, ndipo mmisiri ankaika diso m'mphepete mwake osanena kanthu. Akalibweza, ndiye kuti ntchito ikadalipo. Pano Chipwitikizi sichinkatchinga munthu, pakuti chitseko chikakhala bwino pa mafelemu ake palibe wofunsa ngati mwini wake adziwa kulemba ditado. Tchalitchi lalikulu la Massangulo, limene alendo amadabwa kuliona pakati pa mapiri, lili ndi thukuta la ana a sukulu imeneyi pa njerwa zake ndi pa matabwa ake. Ambiri a iwo anakagwira ntchito ku Vila Cabral ndi ku Nova Freixo, maina akale a Lichinga ndi Cuamba, ena pa njanji imene inafika ku Vila Cabral mu 1969, ena anaoloka malire nakakhala amisiri ku Nyasaland. Ndipo si onse anali Akristu: ana ena a Chisilamu anaphunzira luso nabwerera kwawo ali Asilamu ndithu.

Chipambano chimene boma linkachiwerengera chinali china: mayeso a quarta classe, kalasi yachinayi. Kuti mwana wa kumudzi afikepo ankayenera kutsiriza zaka za poyambira zija, kupeza malo pa sukulu ya pamishoni penipeni, monga Massangulo, kapena Mepanhira ndi Mitúcue zimene zinatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndi kusiya kwawo kukagonera komweko. Mayeso anali apawiri, olemba ndi apakamwa, ndipo apakamwawo mwana ankaimirira yekha pamaso pa oyesa, nayankha m'Chipwitikizi. Malikisi ankawerengedwa kulekeza 20. Wopeza 10 ndiye waoloka. Dzina likatuluka pa pepala lokhomedwa pakhomo, kumudzi kunkalira nthungululu, pakuti wa quarta classe ankatha kukhala mphunzitsi, namwino, womasulira kapena mlembi wa m'sitolo. Koma makwerero ake anali aatali dala. Mwana woyamba sukulu mochedwa, nabwereza kalasi kamodzi kapena kawiri chifukwa cha chinenero, ankapezeka kuti wapitirira msinkhu wololedwa kulowa sekondale. Kalembera wa 1950 anapeza anthu akuda osakwana 5,000 olembedwa kuti ndi assimilado m'Mozambique monse, mwa anthu oposa mamiliyoni 5. Ndipo pofika ufulu mu 1975, mwa anthu 10 alionse, 9 sankadziwa kuwerenga. Atsikana ndiwo anatsalira koposa, popeza ambiri ankachoka pa sukulu akangotuluka ku chinamwali.

Lamulo losiyanitsa eni dziko linafafanizidwa mu 1961, ndipo kukonzanso maphunziro kwa 1964 kunalinga kuti sukulu ya pulayimale ikhale imodzi kwa onse. Koma chaka chomwecho nkhondo ya ufulu inayamba, ndipo midzi yambiri ya Niassa inasamutsidwa kapena kuthawa. Pa 24 July 1975 boma latsopano linatenga sukulu zonse, za mamishoni zomwe. Kwa ansembe ndi asisiteri linali bala lowawa, ndipo malo ophunzirira luso ambiri anazilala. Komabe zitseko zinatsekukira ana amene kale sakadalowa, chiwerengero cha ana a pulayimale m'dziko chinawirikiza m'zaka zowerengeka, mitsinje ya m'buku inakhala Rovuma, Lúrio ndi Zambezi, ndipo mu 1978, pa ntchito yophunzitsa akuluakulu kuwerenga, panaoneka chinthu chokoma: ana a makalasi apamwamba akugwira dzanja la amayi awo kuwalembetsa dzina kwa nthawi yoyamba. Chinenero cha m'kalasi chokha sichinasinthe. Lamulo la 1983 linakhazika pulayimale ya makalasi 7, yonse m'Chipwitikizi.

Za nkhondo yachiwiri, imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 October 1992, aliyense wa ife ali ndi zake zokumbukira. Sukulu za pulayimale zoposa theka m'dziko lonse zinatenthedwa kapena kutsekedwa. Mabanja a ku Mandimba anathawira ku Chiponde, ku Namwera ndi madera ena a Mangochi, ndipo ana amene analowa sukulu za ku Malawi anakumana ndi chodabwitsa: buku loyamba linali m'Chichewa, ndipo mwana wodziwa chinenerocho ankamva chimene akuwerenga tsiku lomwelo. Atabwerera, ambiri anayambiranso m'munsi chifukwa chosowa Chipwitikizi, anyamata a ndevu kukhala pa benchi limodzi ndi tiana. Koma makalata a m'Chichewa ankalemba bwino, ndipo m'miphakati yathu yambiri ndiwo anakhala owerenga Mawu a Mulungu ndi alembi a misonkhano.

Zimene ana othawa nkhondo anaziona ndi maso, akatswiri a maphunziro anaziyesa pakati pa 1993 ndi 1997, pophunzitsa ana m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza. Kuyambira 2003 maphunziro a zinenero ziwiri analowa m'sukulu zina za boma, ndipo kuno ku Niassa zinenero zake ndi Chiyao, Chinyanja ndi Chimakua. M'kalasi yotere mwana amayamba kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera m'chinenero cha kwawo, Chipwitikizi nkumachiphunzira choyamba pakamwa, kenaka pang'onopang'ono nkukhala chinenero cha maphunziro ake. Wolowa m'kalasi yotere amazindikira msanga kusiyana kwake ndi kale, pakuti ana amafunsa mafunso, amatsutsana, amaponya ndagi ndi kusimba nthano, ndipo ngakhale kamtsikana ka kumbuyo kamakweza dzanja. Makolo ena amakayika, amati tinatumiza mwana kukaphunzira Chipwitikizi, osati chimene achidziwa kale; ndipo nkhawa yawo siyopanda pake, chifukwa mayeso a m'tsogolo ndi ntchito za boma zikadali m'Chipwitikizi, mabuku a zinenero zathu safika okwanira, ndipo nthawi zina mphunzitsi wotumizidwa kumudzi salankhula chinenero cha ana ake.

Ndalama yolembetsera ku pulayimale inachotsedwa, mabuku a boma amagawidwa ulere, ndipo lamulo la 2018 linabweza pulayimale pa makalasi 6, nilikakamiza mwana aliyense kuphunzira mpaka kalasi 9. Pa pepala makwerero aja afupika. M'midzi ya Mandimba ndi Ngauma, kumene ana ena amaphunzirabe pansi pa mtengo wa mango mosinthana m'mawa ndi masana, kaundula wa mphunzitsi amadzaza mu February, nayamba kuchepa pa nyengo yothyola ndi kusoka fodya, nachepanso pamene misasa ya jando ndi nsondo yamangidwa masiku a tchuthi asanafike.