Funso la Mayeso Nalonso Limakalamba

Inu aphunzitsi ndi makolo a ku Katete, Sinda ndi Vubwi, kawirikawiri mumayerekeza zotsatira za mayeso a chaka chino ndi za zaka zapitazo, ndi kunena kuti ana a masiku ano ndi anzeru kapena ndi aulesi. Musanaweruze chotero, tiyeni tione mbiri ya mafunso enieniwo, pakuti funso lingathe kusintha kulemera kwake ngakhale mawu ake asasinthe.

Taganizani za masamu a ndalama. Kufikira chaka cha 1968 mwana wa m'Zambia ankawerengera mapaundi, mashileni ndi mapeni, ndipo anayenera kukumbukira kuti mapeni 12 ndiwo shileni imodzi, mashileni 20 ndiwo paundi. M'chakacho munabwera kwacha ya mangwee 100. Funso lakale lija linasanduka mwambi kwa mwana amene sanagwirepo shileni. Mu 2013 ndalama zinasinthanso, K5,000 inakhala K5, ndipo mitengo yolembedwa m'mapepala akale inaleka kufanana ndi ya pamsika.

Malire nawonso anasuntha. Mu 2011 zigawo za dziko zinachoka pa 9 kufika pa 10 pamene chigawo cha Muchinga chinakhazikitsidwa. Mu 2012 Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha. Kale Vubwi anali mbali ya Chadiza, Sinda anali wogawika pakati pa Katete ndi Petauke. Yankho limene linali loona kwa mkulu wake linakhala lolakwa kwa mng'ono.

Chinanso ndi chilankhulo. Lamulo la maphunziro la 1966 linaika Chingerezi kukhala chophunzitsira kuyambira Giredi 1. Mu 2014 ana a makalasi oyamba kuno kum'mawa anayamba kuphunzira m'Chinyanja. Funso limodzimodzi la m'Chingerezi silingalemere mofanana kwa mibadwo iwiriyi. Ndipo funso likatuluka kubwalo nthawi isanakwane, monga mu 2018 pamene boma linaimitsa mayeso kwa kanthawi, limaleka kuyesa nzeru ndipo limangoyesa kuloweza.

Nanga akatswiri amazindikira bwanji kuti funso lasintha khalidwe? Amasunga mafunso ena mwachinsinsi, nawabwereza pakati pa mafunso atsopano m'zaka zosiyana. Tinene kuti mafunso otere alipo 20. Ngati onse akhozedwa bwinoko pang'ono mofanana, ndiye kuti ana apitadi patsogolo. Koma ngati 19 ali pomwe analiri, limodzi lokha n'kupepuka mwadzidzidzi, kusinthako kuli m'funsolo. Pamenepo amalifufuza, nalichotsa pa muyeso wofanizira zaka. Masamu a ntchitoyi anawakonza, mwa ena, Georg Rasch wa ku Denmark m'buku lake la mu 1960. Kafukufuku wa SACMEQ, amene anayesa ana a Giredi 6 m'Zambia ndi m'maiko oyandikana mu 1995, 2000 ndi 2007, anatsata njira yomweyi ya mafunso obwerezedwa.

Kale mayeso a kumapeto kwa sekondale ankayang'aniridwa ndi bungwe la ku Cambridge. Lamulo la 1983 linakhazikitsa Examinations Council of Zambia, ndipo bungweli linayamba ntchito yake mu 1987. Kuyambira apo udindo wosamala muyeso uli m'manja mwathu.

Nkhaniyi si yaing'ono, chifukwa malikisi ochepa chabe akhala akulekanitsa mwana wopeza malo ku sekondale monga ya Chassa ndi mnzake wotsala pamudzi. Mphunzitsinso amatamandidwa kapena kudzudzulidwa kaamba ka manambala omwewo. Tsono pamene mukonzekeretsa ana ndi mapepala akale, yambani mwaona chaka cha pepalalo, ndipo pa funso lililonse dzifunseni ngati ndalama, malire ndi mawu ake akali monga analiri. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.