Masewero a Pawailesi Onena za Kuphana Pachibale

Kale, wailesi isanafike m'midzi ya kwa Kadewere ku Chiradzulu, anthu ankamvera nthano madzulo pamoto. Zina mwa nthanozo zinali za munthu wochita chiwembu mbale wake chifukwa cha nsanje, munda kapena ufumu. Makolo ankakhulupiriranso kuti mfiti imayamba kudya a mtundu wake omwe. Mantha otere sanali a kuno kokha, pakuti Azungu naonso anali nao, ndipo anawaika m'masewero a pawailesi.

Ku America kunali masewero oopsa ochedwa Suspense, amene anaulutsidwa kuyambira 1942 kufikira 1962. Lomveka koposa linali Sorry, Wrong Number, lolembedwa ndi mai Lucille Fletcher, limene linamveka koyamba m'chaka cha 1943. Likamba za mkazi wodwala, wosatha kudzuka pakama, amene ali yekha m'nyumba usiku. Poyesa kuimbira mwamuna wake lamya, akumva amuna awiri alikupangana kupha mkazi wina usiku womwewo. Aimbira apolisi, koma iwo samsamala. Potsiriza azindikira kuti woti aphedweyo ndiye mwini, ndipo omvera aona kuti wotuma ambandawo ndi mwamuna wake.

Ku England, m'chaka cha 1947, BBC inaulutsa Three Blind Mice, lolembedwa ndi mai Agatha Christie. Gwero lake linali mlandu weniweni wa 1945, wa mwana amene anafa ndi nkhanza za anthu omlera.

Mphamvu ya masewerowa inali m'khutu. Womvera saona kanthu. Angomva chitseko chilikutseguka, mapazi alikuyandikira, kenaka zii. Chotsalacho ajambula yekha mumtima, ndipo nyumba imene aiona ndi yake yomwe. Mlendo amtsekera kunja, koma mbale agona naye m'kati, nadya naye mbale imodzi.

Kuno kwathu mau a wailesi anayamba kufika kuchokera ku Lusaka, kumene nyumba youlutsira mau inatsegulidwa mu 1941. M'chaka cha 1949 kunadza wailesi yotsika mtengo yonga sefuliya, ya mapaundi 5, ndipo anthu wamba anayamba kumva nyimbo ndi masewero m'Chinyanja. Dziko litalandira ufulu mu 1964, MBC inayamba nchito, ndipo pambuyo pake Sewero la Sabata Ino linasonkhanitsa mabanja pa wailesi imodzi. Omvera sanavutike kuzolowera, popeza makutu ao anali ataphunzitsidwa kale ndi nthano.

Akulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Masewerowa anakumbutsa anthu kuti ngakhale fupa lithyoka, ndi kuti mkangano wa m'nyumba uyenera kufika kwa ankhoswe kapena kubwalo la mfumu usanakule.