Intaneti ya pa Waya Wobwereka

Kumapeto kwa mwezi wa Malichi m'chaka cha 2001, makomo ndi mabizinesi ang'onoang'ono oposa 100,000 ku America anangoona intaneti yazima. Mabilu anali atalipira, ndipo mawaya a lamya olowa m'nyumba zawo anali bwinobwino pa mapolo. Chimene chinachitika n'chakuti NorthPoint Communications, kampani ya ku San Francisco imene inkawatumizira intaneti kudzera pa mawayawo, inagwa. Kampani ya AT&T inagula makina ake pa madola 135 miliyoni, koma makasitomala inawasiya padzuwa. Ena mwa iwo dzina la NorthPoint sankalidziwa n'komwe, chifukwa ndalama ankapereka ku kampani ina yogulitsa intaneti, pamene waya anali wa kampani inanso yachitatu.

Nkhani yonseyi yagona pa wayayo. Kuchokera m'nyumba ya munthu, timawaya tiwiri ta kopa topotana timayenda pa mapolo kapena pansi pa nthaka mpaka kukafika ku nyumba ya makina a lamya ya m'deralo, imene amisiri amaitcha ekisichenji. Kamtunda aka ndi kamene kamadya ndalama zambiri pa ntchito ya lamya, pakuti kamafuna kukumba ngalande, kuzika mapolo ndi kufika pa khomo lililonse palokhapalokha. Palibe wamalonda amene angakonde kukoka waya wachiwiri mu msewu momwe muli kale wina. Amene anayamba kukoka ndiye amasanduka mwini mudzi.

Ku America mwini mudziyo kwa zaka zambiri anali AT&T. Pa 1 Januwale 1984, potsatira mlandu umene boma linaisumira, kampaniyi inagawidwa, ndipo ntchito ya mafoni a m'madera inaperekedwa kwa makampani asanu ndi awiri amene anthu anawatcha Baby Bells, ana a Bell. Pa mafoni opita kutali mpikisano unalipo, MCI ndi Sprint zikulimbana ndi AT&T. Koma pa waya wolowa m'nyumba, mwana aliyense wa Bell analamulira chigawo chake popanda womugwedeza. Ufumu umodzi unangosanduka maufumu asanu ndi awiri.

Nthawi yomweyo akatswiri anali atazindikira kuti waya wa kopa ali ngati msewu wotakata umene anthu ankangoyenda m'mphepete mwake. Mawu a munthu amatenga kagawo kakang'ono kwambiri ka zimene wayayo angathe kunyamula. Mbali yonse yam'mwamba inkangokhala. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Joseph Lechleider wa ku Bellcore, malo a kafukufuku a ana a Bell, anaonetsa kuti ngati zopita kwa munthu zili zambiri koma zochokera kwa iye zili zochepa, mawaya oyandikana sasokonezana kwambiri, ndipo liwiro likhoza kukwera. John Cioffi wa ku yunivesite ya Stanford anakonza njira yogawa mbali yam'mwambayo m'timizere tambirimbiri, ndipo njira yake inapambana pa mayeso a mu 1993. Apa ndi pamene panachokera DSL, makamaka mtundu wake wa m'makomo wotchedwa ADSL. Poyamba cholinga chinali kutumiza mafilimu pa waya wa foni. Malondawo sanayende, ndipo luso linakhala pa shelefu mpaka intaneti itafika m'makomo. Amene anagwiritsapo modemu yakale ija, yolira ngati nkhululu isanalumikize, akukumbukira kuti sinkapitirira makilobiti 56 pa sekondi, komanso inkatseka foni. DSL inkathamanga kakhumi kapena kuposa, inali yoyaka usana ndi usiku, ndipo foni inkalirabe.

Eni mawaya sanachite nayo changu. Ambiri amanena kuti ankaopa kudzipha okha malonda, popeza ankapeza phindu lalikulu pa mawaya apadera a mabizinesi ndi pa foni yachiwiri imene mabanja ankaikitsa chifukwa cha modemu. Chimene chinawadzutsa ndi makampani a TV ya pa chingwe, amene anayamba kugulitsa intaneti yothamanga pa zingwe zawo, ndiponso lamulo latsopano.

Pulezidenti Bill Clinton anasaina lamulo la zamtokoma limeneli pa 8 Febuluwale 1996. Gawo 251 linalamula eni mawaya kuti azibwereketsa zidutswa za ntchito yawo kwa opikisana nawo pa mtengo wogamulidwa ndi boma, ndiponso kuti aziwalola kuika makina awo m'kati mwa ekisichenji. M'Chingerezi anati *unbundling*, ndipo ine ndimakonda kungoti kumasula mtolo: mtolo wa nkhuni umene kale unkagulitsidwa wathunthu, tsopano munthu akhoza kusololapo chikuni chimodzi. Chikuni chimene aliyense ankachifuna chinali waya wolowa m'nyumba uja. Ana a Bell nawo analonjezedwa kanthu. Akatsekula zigawo zawo, adzaloledwa kulowa malonda a mafoni opita kutali.

Makampani atsopano anabadwa ngati bowa. Pa DSL atatu ndiwo anatchuka: Covad ya ku California, NorthPoint, ndi Rhythms NetConnections ya ku Colorado. Onse atatu anagulitsa masheya awo pa msika mu 1999, nthawi imene chilichonse chonunkhira intaneti chinkapeza ndalama mosavuta. Ndalamazo anazithira m'ma ekisichenji mazanamazana, mmene ankachita lendi kamalo, kawirikawiri kotchingidwa ndi mpanda wa waya ngati khola la nkhuku, n'kuikamo makina awo.

Tsono taganizani za munthu wofuna intaneti imeneyi pa khomo pake mu 1999. Ankayamba n'kuimbira kampani yogulitsa intaneti. Imeneyo inkatumiza pempho ku Covad kapena NorthPoint, ndipo iwowa ankalipititsa kwa mwini waya. Funso loyamba linali la mtunda. Mphamvu ya DSL imafooka waya akamatalika, moti wokhala kupitirira makilomita asanu kapena asanu ndi theka kuchokera ku ekisichenji ankangouzidwa kuti pepani. Mtunda wake unali wa waya, mmene wakhotera m'misewu, osati wa pa mapu, choncho nyumba ziwiri zoyang'anana zinkatha kulandira mayankho osiyana. Funso lachiwiri linali la mbiri ya wayayo. Kalekale amisiri ankamangirira tizipangizo tina pa mawaya aatali kuti mawu azimveka bwino, ndipo timeneti tinkapha mbali yam'mwamba imene DSL imadalira. Pankakhalanso nthambi zakale za waya zongolendewera, zimene zinkabweza mphamvu m'mbuyo. Zonsezi zinkafunika kuchotsedwa, ndipo wozichotsa anali mwini waya, amenenso ndiye ankasunga mabuku osonyeza pamene zili.

Mpaka kumapeto kwa 1999 panalinso kusiyana kwina kwakukulu. Mwini waya ankatha kuika DSL yake pa waya yemweyo wa foni, koma wopikisana naye ankayenera kuchita lendi waya wachiwiri wathunthu. Ndiye kuti mmisiri wa mwini waya abwere tsiku lake kudzalumikiza panja, wa kampani yatsopano abwere tsiku lina kudzamaliza m'nyumba, ndipo mwini nyumba ajombe ku ntchito kawiri. Woyamba akalephera kubwera, wachiwiri ankapeza palibe cholumikiza. Kudikira kwa masabata angapo kunali kozolowereka. Intaneti ikazima, kasitomala ankaimbira amene amamulipira, iwo n'kuloza chala kampani ya DSL, iyo n'kuloza mwini waya, mwini waya n'kuyankha kuti kwa iye waya ali bwino ndipo munthuyo si kasitomala wake. Mu Novembala 1999 bungwe la FCC, loyang'anira zamtokoma, linalamula kuti opikisana aziloledwa kubwereka mbali yam'mwamba yokha ya waya wa foni. Linali lamulo labwino, koma linafika mochedwa.

Kwa ine vuto linali m'chimake cha dongosolo lenilenilo. Zili ngati kulamula mwini golosale kuti apereke shelefu kwa mnzake wogulitsa shuga yemweyo, makiyi a sitolo n'kukhalabe m'thumba mwa mwiniyo. Safunika kuphwanya lamulo poyera. Akhoza kungochedwa kutsekula, kapena kunena kuti malo atha, kapena kusokoneza pepala limodzi. Kuchedwa kulikonse kuli ndi chifukwa chomveka, ndipo mlandu wake umatenga zaka pamene kasitomala amatopa pa mwezi umodzi. Akuluakulu anati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Apa phukusilo linkasungidwa ndi mdani. Komabe eni mawaya anali ndi mfundo yawo yosati n'kungoitaya. Ankati mitengo ya boma inali yotsika kuposa zimene iwo anawononga, ndipo ankafunsa kuti ndani angakoke waya watsopano akudziwa kuti mawa amukakamiza kubwereketsa. Makampani atsopanowo nawo sanali angelo. Anamwaza ndalama zangongole m'mizinda yambiri nthawi imodzi makasitomala asanapezeke, ndipo ambiri mwa ogulitsa intaneti amene ankawadalira analephera kuwalipira.

Msika wa masheya utatembenuka mu 2000, zonse zinaonekera poyera. Mu Ogasiti chaka chimenecho Verizon, imene inangobadwa kumene pa ukwati wa Bell Atlantic ndi GTE, inagwirizana zophatikiza malonda ake a DSL ndi NorthPoint n'kuikamo madola 800 miliyoni. Mu Novembala inabweza mawu, ponena kuti chuma cha NorthPoint chaipa. Mu Januwale 2001 NorthPoint inapita ku khoti kukavomera kuti yalephera kubweza ngongole. Rhythms ndi Covad zinatsatira mu Ogasiti. Covad yokha ndiyo inadzuka, mu Disembala chaka chomwecho, ndipo ndalama zina zoidzutsira zinachokera ku SBC, mwana wa Bell wa ku Texas, amene nthambi yake ya Pacific Bell inali itasumiridwapo ndi Covad yomweyo.

Zotsalazo anamaliza ndi makhoti. Khoti la apilo la ku Washington linakana lamulo logawana waya mu 2002, ndipo mu 2003 FCC inaganiza zolithetsa pang'onopang'ono. Mu Januwale 2004, pa mlandu wa Trinko, Khoti Lalikulu linagamula kuti mwini waya akanyalanyaza udindo wake wa m'lamulo la 1996, sizitanthauza kuti waphwanya malamulo oletsa kupondereza anzako pa malonda. Mu 2005 FCC inachotsanso udindo woti eni mawaya azigulitsa DSL kwa ogulitsa intaneti ena. Chaka chomwecho SBC inagula AT&T, kholo lake, n'kutenga dzina lake. Munthu wamba m'madera ambiri anatsala ndi makomo awiri ogogoda, la kampani ya foni ndi la kampani ya TV.

Wina akhoza kuganiza kuti maganizowo anali olakwika kuyambira pachiyambi. Zimene zinachitika kwina zikutsutsa. Ku Japan, kumene boma linakakamiza NTT kubwereketsa waya pa mtengo wotsika kwambiri, Masayoshi Son wa SoftBank anayambitsa Yahoo! BB mu 2001, ndipo anyamata ndi atsikana ake ankagawa mamodemu aulere m'zikwama pa masiteshoni a sitima. Ku France, kampani ya Free ya Xavier Niel inayamba mu 2002 kugulitsa ADSL pa mayuro 29.99 pa mwezi, kenako n'kuwonjezerapo foni ndi TV pa mtengo womwewo, zonse pa waya wa France Télécom. Ku Britain zinthu zinkakwawa mpaka bungwe la Ofcom litapanikiza BT kuti ipatule mawaya ake m'nthambi yapadera, Openreach, imene inayamba ntchito mu Januwale 2006 ndi udindo wotumikira aliyense mofanana. N'zoona kuti m'mizinda yothithikana ya ku Japan ndi ku France mawaya ndi aafupi, ndipo izi zinathandiza. Koma chachikulu n'chakuti kumeneko woyang'anira anagwira mtengo ndi masiku a ntchito osagwedezeka, pamene ku America lamulo lililonse linkathera ku khoti.

Nkhaniyi inafikanso kuno kum'mwera kwa Africa, ndipo inabwera ndi dzina lomwe lija. Mu 1997 boma la South Africa linagulitsa magawo 30 pa 100 a Telkom kwa gulu la Thintana, lomwe linali SBC ndi Telekom Malaysia. Anthu a SBC anapatsidwa maudindo akuluakulu, ndipo Telkom inapatsidwa zaka zisanu zopanda wopikisana nayo pa mafoni a waya. Kampani imene kwawo inkalimbana ndi lamulo lomasula mtolo inapeza kuno mtolo womangidwa ndi boma lenilenilo. ADSL inayamba mu 2002, ndi malire otchuka aja a magigabayiti atatu pa mwezi. Ogulitsa intaneti analipo ambiri, koma kasitomala ankalipira Telkom lendi ya foni, kulipiranso Telkom lendi ya ADSL, kenako n'kulipira wogulitsa intanetiyo. Thintana inagulitsa magawo ake mu 2004 n'kuchoka. Mu 2007 nduna Ivy Matsepe-Casaburri inalamula kuti ntchito yomasula mawaya a Telkom ikhale itatha pofika Novembala 2011. Mweziwo unafika n'kudutsa mtolo uli chimangire. Mu 2012 bwalo loona za mpikisano pa malonda linalipiritsa Telkom marandi 449 miliyoni chifukwa chopondereza makampani ena pakati pa 1999 ndi 2004.

Pamene anthu ankakanganabe za kopa, akuba anali akumuzula usiku kukagulitsa pa sikelo, ndipo ambiri a ife m'chigawo chino tinali titakumana kale ndi intaneti pa foni ya m'manja, osaonapo modemu ya DSL. Mu 2014 anthu okhala ku Parkhurst, mu mzinda wa Johannesburg, anatopa kudikira ndipo anaitana makampani kuti apikisane pa ntchito yokoka faiba m'misewu yawo. Inapambana ndi kampani yaing'ono yotchedwa Vumatel. Inakumba ngalande zakezake, ndipo waya wakewo inaubwereketsa kwa ogulitsa intaneti osiyanasiyana, mwini nyumba n'kumasankha yekha woti amulipire.