Bwana George Shepperson, Msilikari Amene Anasunga Mbiri ya Mbusa Chilembwe

Abale, pokumbukira zaka za mishoni tiyenera kukumbukanso iwo amene anatola mbiri yathu isanatayike. Mmodzi wa iwo ndiye Bwana George Shepperson, amene anabadwa pa 7 January 1922 ku Peterborough, m'dziko la England, namwalira konko pa 2 April 2020, ali ndi zaka 98.

Akali mnyamata wophunzira pa sukulu yaikuru ya Cambridge, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, anaitanidwa kunka ku usilikari. Akuru a nkhondo anamtumiza ku gulu la King's African Rifles, nampatsa kutsogolera asilikari a ku Nyasaland a m'gulu la 13. M'chaka cha 1944 anatsika nao m'chigwa cha Kabaw, ku Burma, kukamenyana ndi Ajapani. Inali nyengo ya dzinja. Mvula inagwa usana ndi usiku, njira zinasanduka matope, ndipo malungo anagwetsa anthu ambiri amene chipolopolo sichinawakhudze. Momwemo anayenda kufikira mtsinje wa Chindwin.

Tsono m'masautso amenewa mnyamata uja anachita chinthu chimene Azungu ambiri sanachisamale: anatchera khutu. Anaphunzira Chinyanja pakamwa pa asilikari ake, namvera nyimbo zao ndi nkhani zao za kumudzi. Pakati pa nkhanizo anamva dzina la John Chilembwe, limene masiku amenewo anthu sanali kulitchula momasuka pamaso pa Boma. Dzinalo linakhala mumtima mwake, ndipo pobwerera kwao sanaliiwale.

M'chaka cha 1948 anayamba kuphunzitsa mbiri pa sukulu yaikuru ya Edinburgh, nakhala komweko kufikira anapuma ntchito mu 1986. Anakwatira mu 1952, ndipo Mulungu anawapatsa mwana wamkazi mmodzi. Koma pamodzi ndi ntchito ya sukulu ndi ya banja, anafunafuna makalata akale ndi mboni, pothandizana ndi Bwana Thomas Price, wodziwa bwino Chinyanja. Zipatso za khama lao zinaoneka mu 1958, pamene anasindikiza buku lochedwa Independent African.

M'bukumo analongosola mwatsatanetsatane za Joseph Booth, amene anafika m'dziko muno mu 1892. Za ulendo wa Chilembwe ndi Booth kunka ku America mu 1897. Za maphunziro ake ku Lynchburg, Virginia. Ndi za kubwera kwake mu 1900 kudzakhazika Providence Industrial Mission pa Mbombwe, ku Chiradzulu. Analembanso za kalata imene Mbusayo anatumiza ku Nyasaland Times mu November 1914, yodandaula kuti amphawi a dziko lino alikufera nkhondo imene siili yao; za kuukira kwa pa 23 January 1915; ndi za imfa yake pa 3 February, ndi kugumulidwa kwa nyumba ya Mulungu ya pa Mbombwe, malo amene anakhala bwinja kufikira Dr Daniel Malekebu anadzatsegulanso mishoniyo mu 1926.

Taonani chodabwitsa: Chilembwe analirira asilikari otengedwa kunka ku nkhondo ya Azungu, ndipo patapita zaka 30, asilikari a dziko lomweli, ali ku nkhondo ina ya kutali, ndiwo anapereka dzina lake kwa munthu amene anadzalemba mbiri yake. Bukulo linatuluka dziko lisanalandire ufulu wake wa 1964, ndipo ambiri amene analiwerenga anazindikira kuti iye amene Boma linamuyesa chigawenga chabe anali mbusa, mphunzitsi ndi womanga mpingo.

Chifukwa chake, inu aphunzitsi ndi alaliki, musapeputse mau a nkhalamba za m'midzi yanu. Khalani nazo pansi, zifunseni, lembani zimene zikuuzani. Pakuti nkhalamba ikagona m'manda, zimene sitinazilembe zigona nayo pamodzi.