Sama-Bajau: Anthu Okhala m'Mabwato ku Nyanja za Sulu ndi Sulawesi

Sama-Bajau ndi dzina la mitundu ingapo ya anthu apachibale amene amapezeka m'zilumba ndi m'magombe a kumwera kwa dziko la Philippines, kum'mawa kwa chigawo cha Sabah m'dziko la Malaysia, ndiponso kuzungulira chilumba cha Sulawesi m'dziko la Indonesia. Onse pamodzi amaposa miliyoni imodzi, ndipo ambiri mwa iwo ndi alimi, asodzi ndi amalonda okhala pamtunda, koma mtunduwu umadziwika kwambiri chifukwa cha gulu lochepa lotchedwa Sama Dilaut kapena Bajau Laut, limene kwa zaka mazanamazana linkabadwira, kukulira, kukwatirana ndi kukalambira m'mabwato, likuyenda m'mphepete mwa zilumba za kumadera otenthawa. Bwato ndilo linali nyumba ya banja ndi malo ake antchito, ndipo kumtunda anthuwa ankapitako pa zifukwa zowerengeka: kutunga madzi, kutola nkhuni, kusinthanitsa nsomba ndi chinangwa, ndi kuika maliro.

Mbiri

Chiyambi cha mtunduwu chimafufuzidwa kudzera m'chilankhulo ndi m'nthano za makolo. Katswiri wa zilankhulo Kemp Pallesen anaona kuti zilankhulo za Sama-Bajau zinafalikira kuchokera kudera la Zamboanga ndi Basilan, kumwera chakumadzulo kwa chilumba cha Mindanao, kuyambira cha m'chaka cha 800, pamene Robert Blust anaziika m'gulu limodzi ndi zilankhulo za kumtsinje wa Barito kumwera kwa Borneo, gulu lomwelo limene munachokera chilankhulo cha anthu a ku Madagascar. Eni ake amasimba nthano ya mwana wamkazi wa mfumu ya ku Johor amene anasowa panyanja, ndipo amati anthu amene anatumidwa kukamufuna, atalephera kumupeza, anaopa kubwerera kwa mfumu chimanjamanja, n'kusankha kukhala pamadzi moyo wawo wonse. Nthanoyi imasimbidwa mosiyanasiyana, ndipo ku Sulawesi imalumikizidwa ndi mafumu a ku Gowa ndi ku Bone.

Mwa anthu a ku Ulaya, mmodzi wa oyamba kulemba za iwo ndi Antonio Pigafetta, Mtaliyana amene ankalemba zochitika pa ulendo wa Ferdinand Magellan, ndipo mu 1521 anatchula za anthu a kufupi ndi Zamboanga amene ankakhala m'mabwato masiku onse osamanga nyumba pamtunda. Zolembedwa zimachuluka kuyambira m'zaka za m'ma 1700, pamene ufumu wa Chisilamu wa Sulu, umene likulu lake linali pa chilumba cha Jolo ndipo unkalamulidwa ndi mtundu wa Tausug, unalemera ndi malonda a ku China. Amalonda a ku Britain ankafuna tiyi wa ku China, Matchaina ankafuna zinthu za m'nyanja, ndipo Sulu ndiye anakhala pakati pa awiriwa. Katundu wofunika koposa anali trepang, kanyama kofewa kotalika kamene kamakhala pamchenga pansi pa nyanja, kamene amakaphika, kukaumitsa pautsi kapena padzuwa, n'kukatumiza ku China kumene kamadyedwa ngati chakudya chapamwamba. Panalinso ngale, zigoba za nkhono zonyezimira, zipsepse za shaki ndi zigoba za akamba a m'nyanja. Zinthu zonsezi zinkafuna anthu odziwa matanthwe a pansi pa madzi ndiponso otha kumira nthawi yaitali, ndipo anthu otere anali a m'mabwato. Wolemba mbiri James Francis Warren analongosola malonda amenewa m'buku lake la mu 1981 lotchedwa The Sulu Zone.

Ubale wa anthu a m'mabwato ndi a pamtunda unali wodalirana koma wosalingana. Gulu lililonse la mabwato linkakhala pansi pa mkulu wina wa pamtunda, wotchedwa datu, amene ankaliteteza kwa achifwamba ndi kuligulitsa chakudya, nsalu ndi zitsulo, iye n'kumalandira zokolola za m'nyanja pamtengo umene anakonda. Anthuwa analibe malo awoawo, analibe zida zankhondo, ndipo Asilamu a pamtunda ankawanyoza mpaka kuwakaniza kulowa m'mizikiti. Chitetezo chawo chenicheni chinali bwato lomwelo, pakuti mkulu akayamba nkhanza, gulu lonse linkatha kuzula nangula n'kukadziika pansi pa mkulu wina ku chilumba chakutali, ndipo nkoyenera kunena kuti kuyendayenda kwawo, kumene alendo ankakuona ngati kusakhazikika, kunali nzeru ya anthu ofooka okhala pakati pa amphamvu. Si onse a Sama amene anali ofatsa chotero: a Sama Balangingi ankadziwika ndi kugwira anthu ukapolo m'magombe a Philippines, kufikira pamene asilikali a Spain anaphwasula malinga awo mu 1848 pogwiritsa ntchito sitima zoyendera nthunzi.

Kumwera, a Sama-Bajau a ku Sulawesi, otchedwa Bajo, ankayenda nawo m'ngalawa za ku Makassar zimene chaka ndi chaka zinkapita kumpoto kwa Australia kukatola trepang, zikukankhidwa ndi mphepo ya nyengo ya mvula n'kubwerera mphepo ikatembenuka, mpaka maulendowa anatha mu 1907. Ku Borneo, kampani ya ku Britain imene inapatsidwa ulamuliro wa North Borneo (Sabah ya lero) mu 1881 inakhazikitsa tauni ya Semporna mu 1887, ndipo inayamba kulemba mabwato m'kaundula ndi kuwakhometsa msonkho, zimene zinachepetsa mphamvu za ma datu komanso ufulu woyenda. Pofika m'zaka za m'ma 1950 mabanja ambiri anayamba kumanga nyumba pa nsanamira zozikidwa m'madzi osaya, ndipo akatswiri awiri a chikhalidwe cha anthu amene anakhala pakati pawo m'zaka za m'ma 1960, Harry Nimmo ku zilumba za Tawi-Tawi m'dziko la Philippines ndi Clifford Sather ku Semporna, anaona moyo wa m'bwato uli kumapeto kwa mphamvu zake. Nkhondo ya pakati pa boma la Philippines ndi gulu la Moro National Liberation Front, imene inakula kuyambira mu 1972, pamodzi ndi uchifwamba wa panyanja, inathamangitsira mabanja ambiri ku Sabah. Ena amene anatsala anayamba ulimi wa ndere za m'nyanja, umene unafala ku Sitangkai ndi m'zilumba zoyandikana nazo.

Bwato ndi moyo wa m'menemo

Bwato lokhalamo lodziwika kwambiri ndi lepa, limene kutalika kwake kumakhala pakati pa mamita 9 ndi 15. Pansi pake pamakhala mtengo umodzi wosemedwa, pamwamba pa mtengowo amaunjikapo matabwa olumikizidwa ndi zikhomo zamtengo, ndipo pakati pa bwato amaikapo denga la masamba a kanjedza wotchedwa nipa, limene limatha kuchotsedwa pofuna kukweza thanga. Katundu, maukonde ndi nsomba zouma zimasungidwa pansi pa matabwa oyalidwa amene banja limagonapo, ndipo chakumbuyo kumakhala mbaula yadothi yotchedwa lapohan. Kutsogolo ndi kumbuyo kwa bwato amisiri amasemako maluwa ndi mizere yopotana, luso lotchedwa ukkil. Mabwato ena, monga djenging ndi pilang, amakhala ndi nsungwi zoyandama kumbali zonse ziwiri zoletsa kugubuduzika, pamene boggo ndi kabwato kakang'ono ka mtengo umodzi kamene amakakoka kumbuyo, kothandiza popita kugombe ndi posodza pafupi.

Bwato limodzi linkakhala la banja limodzi, bambo, mayi ndi ana awo, ndipo mabwato a abale ankaima pamodzi pamalo odziwika otchingidwa ndi matanthwe, pomwe ankathandizana kukoka ukonde, kukonza bwato ndi kuyendetsa maukwati. Maulendo ambiri anali aafupi ndipo ankatsatira mwezi ndi mphepo. Madzi a nyanja yamchere amakwera ndi kutsika tsiku lililonse, ndipo amatero kwambiri mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima. Madzi akatsika amayi ndi ana ankatola nkhono ndi zamoyo zina pamatanthwe, akakwera amuna ankatchera maukonde, ndipo usiku wamdima ankasodza ndi nyali. Mphepo yochokera kumpoto chakum'mawa imaomba kuyambira Novembala mpaka Malichi, yochokera kumwera chakumadzulo imaomba pakati pa chaka, ndipo mabanja ankasamukira mbali ya chilumba imene inali yobisika ku mphepo ya nyengoyo. Dera la Sulu ndi Sabah lili kumwera kwa njira imene anamondwe aakulu amadutsa kawirikawiri, chimene chinathandiza kuti moyo wotere utheke.

Chakudya chachikulu chinali nsomba ndi chinangwa chopala, chofinya ndi kuphikidwa panthunzi, chotchedwa putu, kadyedwe kamene munthu wa ku Nkhata Bay kapena ku Likoma wozolowera kondowole ndi nsomba sangakadabwe. Mpunga unkasungidwira miyambo, makamaka mwambo wa pachaka wopereka mpunga watsopano kwa mizimu ya makolo yotchedwa omboh. Amayi amadzola kumaso ufa wa mpunga wosakaniza ndi zitsamba, wotchedwa borak, podziteteza ku dzuwa. Maliro okha ndiwo sankathera panyanja: womwalira ankaikidwa pa zilumba zapadera za manda, ndipo pamanda ankaimikapo chizindikiro chosema chotchedwa sunduk, chimene nthawi zina chinkakhala pa chifanizo cha bwato.

Kumira pansi pa madzi

Asodzi a mtunduwu amamira opanda chipangizo chopumira, atavala magalasi a m'maso a mafelemu amtengo ndi kunyamula mkondo wolasira nsomba. Kafukufuku wa Melissa Ilardo ndi anzake, wofalitsidwa mu 2018 m'magazini ya sayansi ya Cell, anapeza kuti a Bajau a m'mudzi wa Jaya Bakti ku Sulawesi ali ndi kapamba wamkulu ndi pafupifupi theka kuposa wa anansi awo a mtundu wa Saluan, ngakhale mwa amene samira, ndipo analumikiza zimenezi ndi chibadwa. Kapamba amasunga magazi onyamula mpweya wabwino n'kuwatulutsa munthu akamira. Masiku ano ena amamira ndi paipi yolumikizidwa ku makina opopa mpweya, njira imene yapundula ndi kupha achinyamata ambiri chifukwa chokwera pamwamba mofulumira.

Mayina

Palibe chimene chimaonetsa bwino malo a anthuwa pakati pa anansi awo kuposa mayina amene akhala akutchedwa. Eni ake amadzitcha Sama, ndipo pofuna kusiyanitsa magulu amawonjezera dzina la kumene amakhala kapena kumene amakocheza: pali Sama Sitangkai, Sama Simunul, Sama Sibutu amene ndi amisiri otchuka opanga mabwato, Sama Ubian, ndi Jama Mapun a pa chilumba cha Mapun. Sama Dilaut ndiye kuti a Sama a kunyanja, posiyanitsa ndi Sama Deya, a kumtunda. Dzina lakuti Bajau linachokera kwa anthu akunja, ndipo limalembedwa Badjao ku Philippines ndi Bajo ku Indonesia, kumene doko la Labuan Bajo pa chilumba cha Flores, lodziwika lero ndi alendo opita kukaona abuluzi aakulu a ku Komodo, linatchedwa dzina lawo. Anthu a ku Makassar ankawatcha Turijene, anthu a m'madzi, dzina lopanda chitonzo. Ku Sulu kunali kosiyana, pakuti a Tausug ankawatcha Luwa'an, kutanthauza olavulidwa, ndipo dzina lakuti Pala'u, limene likumvekabe ku Semporna, limanenedwa monyoza. Dzina lomwelo la Bajau limatchulidwanso kwa anthu a ku Kota Belud, kugombe la kumadzulo kwa Sabah, amene ndi alimi a mpunga ndi oweta ng'ombe otchuka ndi kukwera akavalo okongoletsedwa pa tsiku la msika waukulu wa pachaka, ndipo ambiri mwa iwo sanagonepo m'bwato. Motero dzina limodzi lasonkhanitsa wokwera kavalo, mlimi wa ndere, wandale wa m'tauni ndi mwana wobadwira pansi pa denga la nipa, ngakhale kuti zilankhulo zawo sizimvana zonse.

Masiku ano

Mabanja okhala m'mabwato chaka chonse atsala ochepa, ndipo ambiri mwa iwo amapezeka m'zilumba za kufupi ndi Semporna, akugwiritsa ntchito mabwato amatabwa a injini m'malo mwa lepa ya thanga. Lepa yeniyeni imaoneka kwambiri pa chikondwerero cha Regatta Lepa, chimene chimachitika ku Semporna kuyambira mu 1994, pamene mabwato amakongoletsedwa ndi mbendera zamitundumitundu ndipo atsikana amavina gule wa igal pamwamba pake. Ku Indonesia a Bajo akukhala m'midzi yomangidwa pamadzi monga Sampela ku Wakatobi ndi Torosiaje ku Gorontalo, ndipo amene amasodza kumadzi a Australia amaloledwa kutero m'dera lochepa lokha, m'mabwato opanda injini, malinga ndi mgwirizano wa maiko awiriwa wa mu 1974. Kudziwa kwawo matanthwe, nsomba ndi nyengo mwina kungathandize oteteza zamoyo za m'nyanja, ngati eni akewo atamvedwa.

Vuto lalikulu la a Sama Dilaut a ku Sabah ndi kusowa unzika. Makolo awo ankadutsa pakati pa Tawi-Tawi ndi Semporna malire asanajambulidwe, ana awo anabadwira m'mabwato popanda wowalembetsa, ndipo lero ambiri alibe chiphaso cha Malaysia kapena cha Philippines, kotero kuti sangalowe sukulu za boma ndipo amalipira mtengo wa alendo kuchipatala. Kukhazikitsidwa kwa malo otetezedwa a Tun Sakaran Marine Park mu 2004 kunachepetsa madera osodzamo, chitetezo cha panyanja chinakhwimitsidwa pambuyo pa nkhondo imene inachitika ku Lahad Datu, ku Sabah komweko, mu 2013, ndipo mu Juni 2024 akuluakulu a boma la Sabah anagwetsa nyumba za pamadzi m'zilumba zingapo za m'boma la Semporna, anthu mazana n'kutsala opanda pokhala.