Dokotala Amene Anawerenga Makanda a ku London

Ana inu, tiyambe ndi funso. Mutasankha mwa maere banja limodzi la ana anai, kodi mwai ndi wotani wakuti mupezemo anyamata awiri ndi atsikana awiri? Ambiri amafulumira kuyankha kuti ndi theka. Koma lembani anawo motsatana, kuyambira wacisamba kufikira mzime. Aliyense angakhale mnyamata kapena mtsikana, motero njira zonse ndi 2 x 2 x 2 x 2, ndiko kuti 16. Njira imodzi ili ndi anyamata okhaokha, 4 zili ndi anyamata atatu, 6 zili ndi awiri, 4 zili ndi mmodzi, ndipo imodzi ilibe mnyamata konse. Mwai wathu tsono ndi 6 mwa 16, wosafika theka.

Manambala awa, 1, 4, 6, 4, 1, ndi akale ndithu. Yang Hui wa ku China anawalemba m'caka ca 1261 m'mizere yosanjika ngati culu. Blaise Pascal wa ku France anawafotokozanso mu 1654, ndipo dzina limene linamveka ndi lake, ngakhale kuti iye anabwera pambuyo.

Kuwerenga kotere kunagwira nchito yaikulu m'manja mwa John Arbuthnot, dokotala wa Mfumukazi Anne ya ku Britain. Iye anasanthula ciwerengero ca makanda obatizidwa mu London pa zaka 82, kuyambira 1629 kufikira 1710. Caka ciliconse, popanda kuphonya ngakhale cimodzi, ana aamuna anaposa aakazi. Arbuthnot anaganiza motere: ngati mwai uli wofanana, kupambana kwa anyamata caka cimodzi kuli ngati kuponya khobidi ndi kuona mutu. Kuona mutu kawiri motsatana ndi mwai umodzi mwa 4. Katatu, umodzi mwa 8. Nanga ka 82? Aphunzitsi, yesani kuculukitsa 2 ndi 2 pa bolodi mobwerezabwereza: pofika ka 82 yankho lili ndi manambala 25 ondondozana! Zotere sizingangocitika mwangozi. Iye anati limeneli ndi dzanja la Mulungu.

Lero tidziwa kuti pa atsikana 100 obadwa, pamabadwa anyamata pafupifupi 105. Kusiyanaku ndi kocepa, kotero kuti m'banja limodzi simungakuone. Kumaonekera kokha mukawerenga makanda zikwizikwi a mzinda wonse, monga anacitira Arbuthnot.