Kabokosi ka Rubik ndi Mpikisano wa ku Budapest

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, inu a ku Rufunsa mudziwa kuti katswiri wa nsolo amayamba wawerenga maenje ndi maso asanagwire mwala. Lero timve mbiri ya masewera ena ofuna maso otere.

M'caka ca 1974, Ernő Rubik, mphunzitsi wa zomangamanga ku Budapest m'dziko la Hungary, anapanga kabokosi ka tizidutswa tozungulira, ka mbali zisanu ndi imodzi, mbali iliyonse ndi mtundu wake. Atakasokoneza, mwiniwakeyo anavutika mwezi wathunthu kuti abwezere mitundu m'malo mwake.

Pa 5 June 1982, anthu ocokera m'maiko 19 anakumana mumzinda womwewo pa mpikisano woyamba wa dziko lonse. Aliyense anapatsidwa masekondi 15 oyang'ana kabokosiko asanayambe kukapotoza. Minh Thai, mnyamata wa zaka 16 wobadwira ku Vietnam koma woimira America, anatsiriza m'masekondi 22.95. Sanadalire mwai ai. Njira anali atailoweza pamtima.

Pambuyo pake cidwi cinazilala, kotero kuti mpikisano waciwiri unacitika mu 2003 ku Toronto. Mu 2023, Max Park wa ku America anatsiriza m'masekondi 3.13, nthawi yosakwanira kulemba dzina lanu pabolodi.